Kiliniki ya shuga ndi BP pachipatala chathu: kuphunzitsa amatha, koma mankhwala ndiye eeh

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti mayi anga ndimawatengera kuti ndi shuga wawo uja, ndiye ndingoyankha pano kamodzi. Timapita ku kiliniki ya shuga ndi BP ya pachipatala cha boma kuno kwathu, ndipo ndikati ndipereke malikisi ndi 7 pa 10, ambiri mwa malikisiwo ndi a anesi ophunzitsa m'mawa aja.

Asanayambe zoyeza amaima kutsogolo ife tili pa mabenchi mabuku akuchipatala m'manja, ndipo samabwera ndi chizungu chakusukulu ayi, amayamba nkufunsa kuti dzulo mwadyera chani, mitanda ingati. Apa ndi pomwe anthu amagwidwa, chifukwa ambiri timaganiza kuti bola ndi mgaiwa ungadye mpaka mimba ndiii, pomwe iwo amati mgaiwa ndi wabwinoko kuposa ufa woyera inde koma ndi nsima ndithu, chepetsani mitanda muchulutse bonongwe, chisoso, nkhwani ndi nyemba. Mchere akuti usapose kasupuni kamodzi ka tiyi tsiku lonse, kuwerengera ndi wa m'ndiwo womwe, osati uja wowaza pambale.

Manambala amawafotokoza bwino mpaka mayi anga omwe anawagwira. Shuga woyeza usanadye kanthu akamafika 126 kupita m'mwamba (makina ena amalemba 7) ndiye kuti pali vuto, BP ikamakhala 140 pa 90 kapena kuposa chimodzimodzi. Koma chimene anthu ambiri pabenchi paja sankachidziwa nchoti shuga kutsika pansi pa 70 nkoopsanso, munthu amanjenjemera, thukuta kamukamu, kuyankhula zosagwirizana ngati wamwa, makamaka amene ali pa mapiritsi a shuga a glibenclamide kapena jekeseni wa insulin akadumpha chakudya. Zikatero akuti mpatseni tiyi wa shuga kapena switi pompo bola akutha kumeza, ngati wakomoka musamuthire kanthu mkamwa, thamangani naye.

Tsiku lina anapempha agogo ena kuti avule patapata, nkuyamba kuwayang'ana pakati pa zala chimodzichimodzi, kuwakhudza kuphazi uku agogowo atatsinzina kuti anene ngati akumva. Mbali ina samamva olo pang'ono. Tonse tinangoti zii, anesiwo nkuti mwaonatu, munga ukalowa apa sadziwa mpaka chilonda chitakula, ndiye osayenda opanda nsapato komanso mapazi aziyang'anidwa tsiku lililonse. Anaonetsanso kasungidwe ka insulin kwa opanda filiji, kabotolo kokulunga bwino mu pulasitiki nkuika mu mtsuko wadothi wa mchenga wonyowa pamthunzi. Zimenezi ndi zimene ine ndimati kuphunzitsa.

Tsopano zondinyansa. Odwala amabwera osadya kuti ayezedwe shuga koma mzere umayenda mwaulesi moti dzuwa limafika pamutu anthu achikulire ali ndi njala, pena mukafika pakhomo nkumva kuti tima strip toyezera tatha. Ku famase nakonso, lero metformin wa shuga alipo amlodipine wa BP mulibe, mwezi winawo zatembenuka, amangokulemberani kuti kaguleni, nanga munthu wabwera pa kabaza ndi ya thiransipoti yokha agula ndi chani? Ku chipinda cha adokotala nako ndi changu chokhachokha, mayi anatsokomola chouma kwa nthawi ndithu osauzidwa kuti mankhwala awo a BP a enalapril amatha kutero, anatiuza ndi anesi omwe aja nkutithandiza kuti awasinthire. Komanso ma gadiyani nthawi zina amatiuza kuti dikirani panja malo achepa, chonsecho wophika kunyumba ndi ineyo, wothira mchere ndi ineyo.

China, amene ali pa ma ARV komanso BP amabwera masiku awiri osiyana. Ku Neno a bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo anaphatikiza zimenezi, HIV, shuga, BP, mphumu, khunyu zonse kiliniki imodzi, ndiye si zosatheka ayi.

Mukafuna kupita lawirirani ndithu kuti phunziro lisakudutseni, tengani buku, mapaketi a mankhwala onse amene akumwa olo azitsamba omwe, ndi kachakudya koti adye akangomaliza kuyezedwa. Ndipo akakuuzani kuti gadiyani panja, pemphani mwaulemu muime pakhomo muzimva nawo.