Toyota Hilux 2.8 ya 4x4 m'misewu ya m'nkhalango za kumapiri

Misewu yambiri ya m'nkhalango za kumapiri inalambulidwa kuti malole azitulutsira mitengo komanso kuti ozimitsa moto wolusa azifika msanga pamalo. N'chifukwa chake imakhala yopapatiza, yokhotakhota, ya mitsetse italiitali, ndipo malo ambiri amaunjika dothi mopingasa msewu kuti madzi a mvula azipatuka. Galimoto imene tikuiyeza pa misewu yotereyi ndi Hilux ya makomo anayi, ya injini ya dizilo ya malita 2.8, mtundu umene unayamba kutuluka mu 2015 n'kukonzedwanso mu 2020. Ntchitoyi imaitha. Koma mmene imachokera kufakitale ili ndi zinthu zitatu zoibwezera m'mbuyo: matayala ake, kutalika kwake kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo, ndi kupepuka kwa kumbuyo ikakhala yopanda katundu.

Pa injini palibe chodandaulitsa kwenikweni. Injini ya 1GD-FTV yokonzedwa mu 2020 imatulutsa 150 kW, ndipo mphamvu yake yokoka ndi 500 Nm pa galimoto yosintha yokha magiya, 420 Nm pa ya giya yapamanja. Mphamvu ya 500 Nm imeneyo imapezeka kale injini ikamazungulira ka 1600 pa mphindi, kutanthauza kuti pachitunda simufunika kuikalipitsa. Kumwamba kwa phiri mpweya umachepa, ndipo injini yopanda turbo (chipangizo chokankhira mpweya wambiri mu injini) imataya pafupifupi 1 peresenti ya mphamvu zake pa mamita 100 alionse amene mwakwera. Ya turbo ngati iyi imabweza gawo lalikulu la mphamvuzo. Thanki ndi ya malita 80, koma musawerengere mafuta ngati muli pa tala, chifukwa kukwawa tsiku lonse pa giya yotsika kumamwa dizilo wambiri pa mtunda wochepa.

Kachitsulo kopotokola kali pafupi ndi chiwongolero kali ndi malo atatu: H2 (mawilo awiri a kumbuyo okha ndiwo amakoka), H4 (mawilo onse anayi amakoka) ndi L4 (mawilo anayi pa magiya otsika okwawira). Kuchoka pa H2 kupita pa H4 kumatheka galimoto ikuyenda, bola liwiro lisafike makilomita 100 pa ola. Kulowa mu L4 kumafuna muime kaye, muike giya pa N kapena muponde kilatchi, kenako mudikire kanyali kasiye kuphethira. L4 imachulukitsa mphamvu yofika kumatayala pafupifupi kawiri ndi theka. Hilux iyi ilibe difu yapakati (difu ndi magiya olola matayala kuzungulira pa liwiro losiyana), choncho mukaika H4 kapena L4 matayala a kutsogolo ndi a kumbuyo amakakamizika kuzungulira mofanana. Pa dothi palibe vuto, tayala limatsetsereka pang'ono n'kumasula. Pa tala kapena pa konkire youma, makamaka pokhota, zitsulo zimapotana: chiwongolero chimalimba, matayala amalira, ndipo nthawi zina giya imakana kutuluka mpaka mutabwerera m'mbuyo mamita angapo. M'mapiri zimenezi zimatopetsa, poti malo ena otsetsereka kwambiri amathira konkire pang'ono, kutsogolo n'kubwereranso dothi. Apa Mitsubishi Triton ya Super Select imaiposa, chifukwa ija mutha kuisiya pa mawilo anayi ngakhale pa tala.

Pamene anthu ambiri amalakwitsa ndi pa batani la diff lock ya kumbuyo, lotseka difu kuti matayala awiri a kumbuyo azizungulira limodzi. Amangoliona ngati mankhwala a vuto lililonse, pamene sizili choncho. Galimotoyi ili ndi A-TRC, njira imene kompyuta imagwira buleki pa tayala lomwe likuzungulira pachabe kuti mphamvu ipite ku tayala lomwe lagwira nthaka, ndipo imachita zimenezi kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ya Toyota imagwira msanga ndithu. Mumangomva kugogoda pansi, galimoto n'kudzikoka, bola phazi likhale pamoto mosasinthasintha. Mukachotsa phazi mutangomva tayala lazungulira, kompyuta imasowa pogwirira ntchito. Tsono mukatseka difu ya kumbuyo, A-TRC imazima, ABS (yoletsa matayala kuumiratu mukaponda buleki mwamphamvu) nayonso imazima, ndiye kuti matayala a kutsogolo atsala opanda chowathandiza. Diff lock imalowa pokhapokha muli mu L4, ndipo Toyota imati musapitirire makilomita 8 pa ola ili yotseka. Malo ake enieni ndi chitunda cholunjika chokumbika ndi madzi, pomwe tayala limodzi la kumbuyo lingalendewere m'mwamba. Itsekeni musanafike pamalopo, osati matayala ali mkati mozungulira, chifukwa mano ake akhoza kubenthuka. Pa msewu wopendekera kuphompho, wa matope oterera, isiyeni yotsegula: matayala onse awiri akazungulira pachabe nthawi imodzi, kumbuyo konse kumaseserekera kumunsi.

Potsika ndi pamene galimotoyi imapatsa mtima m'malo. Mu L4, giya yoyamba, injini imaigwira yokha moti imatsika ngati munthu woyenda pansi. Pa yosintha yokha magiya muyenera kukankhira ndodo ku S n'kusankha 1 kapena 2, apo ayi imakweza giya n'kuyamba kuthamanga. Hilux zina zili ndi batani la DAC logwira mabuleki palokha, koma pa mtsetse wa makilomita angapo limatenthetsa mabuleki monga mmene phazi lingachitire. Mabuleki akatentha amanunkha, chopondera chimafewa, ndipo ngati mafuta ake ndi akale, omwe amwa chinyezi, amatha kuwira. Pa Hilux zambiri mabuleki a kumbuyo ndi a dilamu, ndipo mukadutsa m'matope ozama amasunga dothi mkati. Mukalephera kukwera chitunda, musayese kutembenuka. Pondani buleki, lowetsani rivesi mu L4, bwererani molunjika injini ikugwira, osaponda kilatchi.

Matayala ndiwo chinthu choyamba kusintha. Hilux zambiri zimabwera ndi 265/65 R17 kapena 265/60 R18, ndipo mapangidwe ake amakomera tala. Pa dothi lofiira lonyowa mizere yake imadzaza pakangopita mamita ochepa, tayala n'kusalala. Masamba a paini ogwera pa dothi lonyowa nawonso ndi achinyengo: pamwamba pamaoneka pouma, pansi pali poterera. Komanso m'mbali mwa matayalawa ndi mofewa, ndipo zitsa zodulidwa mosongoka ndi miyala yakuthwa zimang'amba pomwepo, malo amene sangamatike. Matayala a mtundu wa all-terrain (oyenda pa tala ndi pa dothi pomwe) olembedwa LT, kutanthauza olimba opangidwira magalimoto onyamula katundu, amaisintha galimotoyi kuposa chitsulo china chilichonse chimene mungaigulire. Ngati pali mwayi wosankha, tengani malimu a mainchesi 17, chifukwa amasiya mphira wokwanira pakati pa limu ndi mwala. Mukalowa m'nkhalango phwetsani matayala kuchoka pa muyezo wa pa tala kufika pa 1.6 mpaka 1.8 bar. Tayala limatambalala, limakumbatira miyala, galimoto imasiya kunjanja. Mukatsikira pansi pa 1.2 bar tayala likhoza kuvuka pa limu pokhota. Musaphwetse ngati mulibe pampu yolumikiza kubatire, poti kuthamanga pa tala ndi tayala lofewa kumalitenthetsa mpaka kuphulika. Tayala lapadera limakhala pansi pa bodi kumbuyo, malo ovuta kufikako galimoto ikatitimira.

Kutalika kwa galimotoyi ndi mamita 5.3, ndipo pakati pa mawilo a kutsogolo ndi a kumbuyo pali mamilimita 3085. Kuti izungulire imafuna malo oposa mamita 12. Pa makona akuthwa a m'phiri izi zikutanthauza kubwerera m'mbuyo kamodzi kapena kawiri, kumbuyo kutaloza kuphompho. Kamera ya kumbuyo imathandiza, koma ikapakika matope palibe chooneka, ndiye ndi bwino wina atsike azikulozerani. Pa milu ya dothi yopatutsa madzi ija, mimba ya galimoto imakhula mukailowa molunjika. Ilowereni mopingasa pang'ono kuti tayala limodzi lizikwera palokha. Zoyamba kupindika ndi zopondera za m'mbali, zomwe ndi zokongoletsa chabe, ndipo chitsulo chokokera ngolo chimalima pansi potuluka m'dzenje. Manambala a kutalika kwa mimba kuchokera pansi amene amalembedwa m'mabuku otsatsira malonda musawadalire kwambiri. Yezani nokha pansi pa difu ya kumbuyo, pamenepo ndiye potsikitsitsa, ndipo sipakwera ngakhale mutakweza masipuling'i. Pamakwera pokhapokha tayala likakula.

Masipuling'i a kumbuyo ndi a zitsulo zosanjikiza, opangidwira kunyamula pafupifupi tani imodzi. Bodi ikakhala yopanda kanthu kumbuyo kumadumpha, ndipo pa msewu wa mabampu ang'onoang'ono otsatizana kumathawira m'mbali pokhota. Okhala mpando wa kumbuyo ndi amene amazimva. Katundu wa makilogalamu 150 mpaka 200, woikidwa pamwamba pa mawilo a kumbuyo kapena kutsogolo kwake pang'ono n'kumangidwa zolimba, amaikhazika. Kuika H4 mukangochoka pa tala kumathandizanso, ngakhale msewu uli wouma.

Pa madzi, Toyota imapereka malire a mamilimita 700, Ford Ranger 800. Kusiyana kumeneku si nkhani yaikulu m'mitsinje ing'onoing'ono ya m'mapiri, kumene choopsa ndi liwiro la madzi ndi miyala yobisika. Yendamoni kaye ndi ndodo, ndipo ngati madzi akukukankhani, galimotonso isalowe. Difu yotentha ikamira m'madzi ozizira imayamwa madzi, choncho mukawoloka pozama kaonetseni mafuta ake. Akaoneka otuwa ngati mkaka, asinthidwe.

Pali nkhani ya DPF, sefa yogwira mwaye mu ekizozi, yomwe imaikidwa pa Hilux zogulitsidwa m'mayiko a malamulo okhwima pa utsi. Sefayi imadziyeretsa potentha mwaye pa madigiri pafupifupi 600, ndipo imafuna injini igwire ntchito yotenthetsa. Kukwawa pang'onopang'ono maola ambiri kumaidzaza. Magalimoto opangidwa pakati pa 2015 ndi 2020 anali ndi vuto lodziwika pa sefayi, mpaka khothi la ku Australia linagamula mokomera eni magalimoto mu 2022, ndipo Toyota inali itawonjezera kale batani loyatsira kuyeretsako pamanja. Batanilo ndi lothandiza, koma m'nkhalango lisamalireni. Musayeretse sefa mutaima pa udzu wouma kapena pa masamba a paini, ndipo mukadutsa msewu wa udzu wautali pakati, imani muchotse zinyalala zokodwa pafupi ndi ekizozi. Sefa ya mpweya nayo iziyang'anidwa pafupipafupi ngati mukuyenda m'fumbi la galimoto ina.

Zida zodzipulumutsira sizibwera ndi galimoto. Jeke ya kufakitale imafuna thabwa lolimba pansi pake, apo ayi imangomira. Fosholo, sowo kapena chikwanje cha mitengo yogwera mumsewu, lamba wokokera, ndi zomatira tayala siziyenera kutsala. Lamba asamangidwe pa kampira kachitsulo kokokera ngolo: kakathyoka kamauluka ndi mphamvu yotha kupha munthu. Ngati mudzakokedwa mogwedeza, mangitsani zokolekera zopangidwira ntchito imeneyo pa tchesi. Pa makona obisika lizani hutala, yatsani nyali ngakhale masana, ndipo mukakumana ndi lole yodzaza mitengo mupatuke ndinu, chifukwa iyo singaime msanga.

Pakati pa giya yapamanja ndi yosintha yokha, m'misewu iyi yosintha yokha ndiyo yabwino: ili ndi mphamvu yokoka yochuluka, ndipo palibe kilatchi yoti ipse poyambira pachitunda. Ngati mukugula yogwiritsidwapo kale ntchito, lowani pansi pake ndi tochi. Onani ngati malata oteteza injini apindika, ngati mphira zophimba majoini a mawilo a kutsogolo zang'ambika, ndiponso ngati m'mabowo a tchesi muli matope ouma, omwe amasunga chinyezi n'kuyambitsa dzimbiri. Kenako pitani nayo pa dothi muyese H4, L4 ndi diff lock. Timamota tolowetsa magiyawa timauma galimoto ikatha zaka osaikidwa pa mawilo anayi, ndipo kanyali kakangophethira osakhazikika, pamenepo pali ntchito ya makaniko.