Nthano Yofatsa ya Kusungulumwa: Kuiwerenga Papepala Kapena Kuimvetsera?

Pali mabuku a nthano osathamanga: munthu wodzimva mlendo paliponse, kenaka n'kupeza mnzake mwa munthu amene sankamuganizira. Buku lotere mungaliwerenge papepala kapena kulimvetsera pafoni.

Mtengo: lapepala mumagula kamodzi, kapena kubwereka kulaibulale. Lomvetsera nthawi zambiri limafuna intaneti.

Kukhalitsa: pepala silitha batire.

Kuphweka: lomvetsera mumatha kulitsatira mukuchapa kapena mukuyenda.

Koma nkhani yagona apa: mphamvu ya nthano zotere ili m'zimene anthu ake sanena. Papepala mumaima, kubwereza chiganizo, kuusa moyo. Wokuwerengerani sadikira, ngakhale ndivomere kuti liwu la munthu m'khutu limatonthozadi usiku.

Wokonda kusinkhasinkha atenge lapepala. Wovutika maso, kapena wogona yekha m'nyumba ya zii, amvetsere.