Audio-Technica AT4033: maikolofoni imodzi yatikwanira pojambula bluegrass kunyumba

Amene mumaimba bluegrass, nyimbo za ku America zoimba ndi zida za nsambo, ndipo mukufuna kujambulira nyimbo zanu kunyumba, maikolofoni iyi ndikuivomereza ndi mtima wonse. Koma mudziwe kuti imafuna gulu lophunzira kuima bwino ndiponso chipinda chosabweza mawu.

Gulu lathu lili ndi gitala, banjo, mandolini ndi besi yaikulu yoimirira ija, ndipo atatu mwa ife timaimbanso pakamwa. Interface yanga, kachipangizo kolumikiza maikolofoni ku kompyuta, ndi Focusrite Scarlett 2i2, yomwe imalandira maikolofoni awiri okha. Maganizo oyamba anali ogula ina yolandira asanu ndi atatu, chida chilichonse chikhale ndi maikolofoni yakeyake. Nditawerengera mitengo ya maikolofoni onsewo, zingwe ndi zoimikira, ndinasankha AT4033 imodzi yoti tizijambulira pamodzi, yomwe nthawi imeneyo ku America inkagulidwa pafupifupi madola 400.

Kuimbira pa maikolofoni imodzi ndi mmene nyimbozi zinayambira. Bill Monroe ndi gulu lake la Blue Grass Boys ankaimba chonchi pa pulogalamu ya pa wailesi ya Grand Ole Opry ku Nashville, kuphatikizapo nthawi imene Lester Flatt ndi Earl Scruggs analowa m'gululi mu 1945. Nthawi ya munthu yoonetsa luso ikafika, ankasendera kutsogolo, akamaliza n'kubwerera m'mbuyo kupereka malo kwa mnzake. M'zaka za m'ma 1990 magulu monga la Del McCoury anabwezeretsa kaimbidwe kameneka pa siteji, ndipo AT4033, imene inali itangotuluka kumene, inayamba kuoneka m'manja mwa oimba ambiri a bluegrass.

Ndi ya mtundu wa condenser, womwe umamva ngakhale mawu aang'ono, choncho imafuna mphamvu ya 48V, yomwe Scarlett imapereka mukadina batani lake. Imamva kutsogolo ndi m'mbali pang'ono, kumbuyo sikwenikweni. Ife timaiimika pa msinkhu wa pachifuwa n'kuizungulira kutsogolo kwake. Chimene chinandigwira mtima pomvetsera koyamba ndi mawu athu atatu. Pamene aliyense ankajambula payekha atavala mahedifoni, mawuwo ankamveka ngati a anthu osadziwana. Tsopano amalumikizana mu mpweya asanafike n'komwe mu kompyuta, ndipo amene akukweza kwambiri amadzimva yekha n'kuchepetsa.

Banjo ndiyo inatiphunzitsa zambiri. Siili ngati banjo zopangira kumudzi zimene tinakulira nazo kwathu. Iyi ili ndi nsambo zisanu, mkombero wachitsulo mkati, chivindikiro chathabwa kumbuyo chokankhira mawu kutsogolo, ndipo woimba amavala zokodolera kuzala. Ikayandikira imameza zonse. Wa banjo amaima kutali pafupifupi mita imodzi ndi theka, wa gitala ndiye amakhala pafupi kuposa tonse chifukwa chida chake n'chofatsa. Mandolini imamveka bwino kwambiri, makamaka kugunda kwake kwachidule kumene kumagwira ntchito ya ng'oma m'nyimbo zopanda ng'omazi. Maikolofoniyi imakweza pang'ono mawu apamwamba, ndiye mnzathu wa vayolini akabwera timamupempha asaloze chida chake molunjika, apo ayi mawu amatuluka akuthwa.

Pathupi pake pali maswichi awiri. Ina imachepetsa mphamvu ya mawu ndi 10 dB, ndipo sindinaifunepo. Inayo imadula mawu apansi pa 80 Hz. Imeneyi musaiyatse ngati besi ikudalira maikolofoni yomweyi, chifukwa nsambo yotsikitsitsa ya besi imalira pa 41 Hz ndipo mungaichotsere thupi lake lonse. Ife tinapatsa besi maikolofoni yakeyake, Shure SM57, pa khomo lachiwiri la interface, n'kuyatsa swichi ija pa AT4033. Mukatero, yesani kutembenuza polarity ya maikolofoni ya besi posakaniza, kutanthauza kuzondotsa mafunde a mawu ake. Mawu a besi amafika pa maikolofoni awiriwa pa nthawi zosiyana pang'ono, ndipo mbali imodzi imamveka yonenepa, inayo yopyapyala.

Mtengo weniweni wa njira iyi umaoneka posakaniza mawu. Banjo ikaphimba woimba, palibe batani lochepetsera banjo yokha. Nyimbo yonse iyenera kuimbidwanso. Ena izi zingawatopetse, koma ife zatithandiza kuimba momverana kuposa kale, ndipo ntchito ya mu Reaper, pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira ndi kusakaniza mawu, yachepa zedi. Ndimajambula pa 24-bit, mawu okwera kwambiri asapitirire -12 dB. Kenako ndimachepetsa pang'ono pakati pa 200 ndi 300 Hz pamene gitala ndi besi zimaunjikana, compressor (yochepetsa kusiyana kwa mawu amphamvu ndi ofooka) pang'ono chabe, reverb (yomveketsa mawu ngati ali m'chipinda chachikulu) yaifupi, basi. Compressor mukaipanikiza, kusendera ndi kubwerera kwa oimba kuja kumafafanizika, ndipo kukoma kwa kajambulidwe kotere kumakhala komweko.

Maikolofoni yomva chonchi imajambulanso chipinda. Firiji ya kukhitchini, galimoto pamsewu, mawu obwerera kuchokera pakhoma losalala, zonse zimalowa, makamaka poti oimba ena aima patali. Ndalama zimene ndikanagulira interface yatsopano ndinagulira rockwool, chinthu chonga thonje chomeza mawu, n'kupanga zikwangwani zochindikala masentimita 10 zokutidwa ndi nsalu. Ndinaziika m'makona ndi kumbuyo kwa oimba, kumene maikolofoni yayang'ana. Kusintha kumene kunabwera ndi zimenezi kunaposa kumene ndinamva pa chipangizo chilichonse chimene ndinagulapo. Mathileyi a mazira musatayirepo nthawi, sagwira mawu apansi.

Ngati mumajambula nokha chida ndi chida m'nyumba ya m'mbali mwa msewu waukulu, maikolofoni ya dynamic, monga SM57 ija, yoikidwa pafupi ndi chida ikuchitirani bwino kuposa iyi. Ngati muli gulu lotha kuimba nyimbo yonse osaima, gulani AT4033, musunge interface imene muli nayo, ndalama zotsala zipite ku makoma. Ine ndidzaganiza za interface ya makomo anayi pokhapokha tikadzafuna stereo, pamene padzafunike maikolofoni awiri kutsogolo ndi ya besi pambali.