FRET patatha miyezi ingapo ili pa ntchito

FRET ndi pulogalamu yaulere imene inapangidwa ku Ames Research Center ya NASA, bungwe la boma la America loona za mumlengalenga, ku California, ndipo imathandiza kusandutsa zofuna za mwini ntchito kukhala ziganizo za masamu zimene kompyuta ingathe kuzifufuza. Gulu lathu lakhala likuigwiritsa ntchito kwa miyezi ingapo polemba pulogalamu yoyendetsa pampu yodzazira thanki la madzi.

Chofuna chilichonse cha mwini ntchito chimakhala lamulo, ndipo lamulo lililonse limalembedwa m'Chingerezi chotsatira dongosolo lokhwima chotchedwa FRETish, chimene chili ndi zigawo 6: nyengo imene lamulolo likugwira ntchito, chimene chikuliyambitsa, chipangizo chokhudzidwa, mawu akuti shall, nthawi yake, ndiponso zoyenera kuchitika. Phindu lalikulu ndinalipeza pa chigawo cha nthawi. Mwini ntchito ananena kuti thanki likadzaza pampu izime, ndipo tonse tinkaona ngati nkhaniyo yamveka. Koma chithunzi chimene FRET imajambula pofotokoza tanthauzo la lamulo chinasonyeza kuti, popeza nthawi sinatchulidwe, pampuyo ikhoza kuzima mochedwa madzi atasefukira kale, lamulo osaphwanyidwa. Tinabwerera kukafunsa kuti izime pasanathe masekondi angati. Pambuyo pake chigawo chofufuza ngati malamulo onse angathe kukwaniritsidwa pamodzi chinaulula kuti lamuloli likutsutsana ndi lina, loletsa kuzimitsa pampu itangoyatsidwa kumene pofuna kuteteza mota.

Zovuta zake zinayamba kuonekera ntchito itakula. Mapulogalamu ena amene imadalira, monga NuSMV ndi Kind 2, amaikidwa paokha, ndipo zimenezi zimadya nthawi pa kompyuta iliyonse yatsopano. Dzina lililonse la m'malamulo limafunika kulongosoledwa mtundu wake (monga ngati likuimira nambala kapena ayi) kufufuza kusanayambe, ntchito yotopetsa malamulo akachuluka. Kulumikizana kwake ndi CoCoSim, pulogalamu yofufuza ngati mapulani a makina akutsatira malamulowo, kumapindulira okhawo amene ali ndi Simulink, pulogalamu yojambulira mapulaniwo, yomwe ndi yolipira. Ndiponso zofuna zokhudza maonekedwe kapena kusavuta kwa kagwiritsidwe sizilowa n'komwe m'zigawo zija.

Ziganizo za masamuzo, kunena zoona, sitiziwerenga kawirikawiri. Chimene timatsegula tsiku ndi tsiku ndi zithunzi zija, chifukwa ngakhale mwini ntchito amatha kuzitsatira tikamukambira m'Chichewa. Pakadali pano FRET timaigwiritsa ntchito pa malamulo okhudza nthawi ndi chitetezo cha pampu okha, pamene ena onse tikuwalembabe m'chikalata wamba.