Ndemanga yanga pa kashopu ka ma CD akaunjika ku Old Town, komwe ndinadziwira nyimbo za power pop

Patha miyezi 7 chiyambire kugula zimbale pa kashopu kena ku Old Town, chakuseri kwa msewu wa Malangalanga. Dzina lake sinditchula, chifukwa m'munsimu muli madandaulo anga awiri ndipo sindikufuna kuti wina angotola madandaulowo n'kusiya zabwino zonse. Amene mumayenda dera limeneli mukazindikira. Ndi kachipinda kopapatiza, pakhomo pali sipika imodzi yakale, mkati muli makatoni a ma CD akaunjika ochokera ku UK, ndipo eni ake ndi bambo achikulire aimvi amene amakonzanso mawailesi.

Amagulitsa zomwe zili m'makatonimo, komanso amaitanitsa chimbale chomwe ukufuna kudzera mwa m'bale wawo amene amakhala ku England. Umalipira theka pa foni, pa Airtel Money kapena Mpamba, theka linalo umamaliza katundu akafika. Pofika lero ndagulako zimbale 9, zina zapompopompo, zina zochita kuitanitsa.

Poyamba sindinapite kukagula nyimbo. Ndinapita ndi wailesi ya malemu bambo anga, ija yokhala ndi malo a kaseti ndi a CD, yomwe kachitseko kake kanali kutakana kutseguka. Atamaliza kukonza anatola CD ina pa shelefu kuti ayesere. Itangoyamba kulira ndinati, "Iyi ndi ya Mariah Carey, koma akuimbayo ndi ndani?" Inali Without You, yomwe tinkaimba ku hositelo tili ku sekondale mpaka mawu kusasa. Koma apa ankaimba ndi amuna, ndi magitala, mopanda zokometsera zambiri.

"Achemwali, eni ake nyimboyi ndi amenewa," anatero bambowo uku akundipatsa chikuto. Linali gulu la Badfinger lochokera ku Swansea, ku Wales, chimbale chawo cha 1970 chotchedwa No Dice. Anailemba ndi Pete Ham ndi Tom Evans a m'gululo, Harry Nilsson anaitenga mu 1971, ndipo Mariah anadzaiimba patadutsa zaka zoposa 20. Ndisanameze zimenezo anandifunsa ngati ndimaidziwa All by Myself. Ndani wa msinkhu wanga amene sadziwa Celine Dion? Anandiuza kuti imeneyonso mwini wake ndi Eric Carmen, amene anaitulutsa mu 1975, ndipo asanayambe kuimba payekha ankatsogolera gulu la Raspberries la ku Cleveland, ku Ohio. Nyimbo ziwiri zomwe ndinakula nazo zinali ndi mizu kwa anthu amene ndinali ndisanawamvepo n'komwe, ndipo onsewo ankaimba mtundu umodzi wa nyimbo womwe amautcha power pop.

Kwa amene simunaumvepo, ndinene mmene khutu langa limaumvera. Nyimbo zake n'zazifupi, zambiri mphindi zitatu basi. Magitala amalira mwamphamvu, ng'oma zimagunda molimba, koma pamwamba pake pamayenda kaimbidwe kotsekemera, mawu awiri kapena atatu akulukana ngati kwaya yomwe yakonzekera bwino. Kolasi yake ukaimva kawiri imakutsatira mpaka ku bafa. Mawu akuti power pop anayamba kuwagwiritsa ntchito ndi Pete Townshend wa gulu la The Who mu 1967 pofotokoza nyimbo zomwe iwo ankaimba nthawi imeneyo, ndipo magulu amene anabwera pambuyo anatengera kwambiri kwa The Beatles, The Byrds ndi The Beach Boys.

Chomwe chandigwira pa shopuyi si makatoni aja ayi. Ndi kope lahadikava lakuda lomwe limakhala pa kauntala, lomangidwa ndi kachingwe limodzi ndi bolopeni. Aliyense wogula amaloledwa kulembamo chimbale chomwe akufuna anzake amvere. Lamulo la bambowo ndi lakuti ulembe chimodzi chokha, unene chifukwa chake m'mizere iwiri kapena itatu, ndipo utchule nyimbo yoyambira. Ukalemba mndandanda wautali amakuuza kuti usankhepo chimodzi, zinazo usunge za ulendo wina. Olembamo si ambiri, zolemba zake ndimazizindikira za anthu mwina khumi. Ena ndakumana nawo Loweruka m'mawa: mnyamata wina amene amaimba gitala ku tchalitchi ku Kawale, aphunzitsi ena opuma ntchito a ku Area 47, ndi mayi wina wogwira ntchito ku chipatala amene amabwera ndi yunifolomu akaweruka ntchito ya usiku. Ena sindinawaonepo nkhope, ndimangowadziwa ndi kalembedwe.

M'kope limeneli ndi mmene ndinapeza gulu la Big Star. Wina analemba ndi zilembo zazing'ono zopendekera kuti, "Yambani ndi Thirteen, usiku, ana atagona." Bambowo anali nayo CD yomwe ili ndi zimbale zawo ziwiri pamodzi, #1 Record cha 1972 ndi Radio City cha 1974, ndipo imeneyi ndi imene ndalipira ndalama zochepa koma yandipatsa zambiri kuposa zonse. Ndinamvera monga analangizira wolembayo. Magetsi anali atathima kwathu ku Area 25, ndinaika mabatire mu wailesi ija n'kukhala pakhonde. Nyimboyo ilibe phokoso. Ndi magitala opanda magetsi ndi mawu a mnyamata akupempha mtsikana kuti amuperekeze pochokera ku sukulu. Ndinaibwereza kanayi ndisanapitirire ku ina. Kenako ndinafika ku chimbale chachiwiri, komwe magitala ake ndi akuthwa ngati galasi losweka, ndipo September Gurls inandipeza nditaimirira.

Mbiri ya gululi bambowo anandisimbira Loweruka lotsatira, ali kalikiliki ndi wailesi ya munthu wina. Anali anyamata a ku Memphis, ku Tennessee. Alex Chilton anali atatchuka kale ali ndi zaka 16 ndi gulu la The Box Tops. Olemba nkhani za nyimbo anayamikira kwambiri chimbale choyambacho, koma kagawidwe kake sikanayende bwino, moti anthu ankachifuna m'masitolo osachipeza. Chris Bell, amene ankalemba nyimbo limodzi ndi Chilton, anachoka m'gululo chimbale choyamba chitangotuluka, ndipo anamwalira pa ngozi ya galimoto mu December 1978 ali ndi zaka 27. Nditamva zimenezi ndinaganiza za oimba athu ambiri kuno kwathu amene anajambula nyimbo zabwino koma makaseti awo sanafike patali. Zinandikhudza kwambiri kuti chimbale chomwe anthu ankachisowa m'masitolo a ku America chinandipeza ine m'katoni ku Malangalanga.

Kuchoka pamenepo bambowo ananditsogolera pang'onopang'ono, ndipo apa ndi pamene ndinaona kuti khutu ali nalo. Safulumira kukugulitsa. Amayamba afunsa kuti pa chimbale chapitacho ndi nyimbo iti yomwe unabwereza kwambiri. Nditawauza za September Gurls anatulutsa CD ya chikuto cha pinki chokhala ndi chithunzi cha thumba la ndalama lachikasu. Inali Bandwagonesque ya Teenage Fanclub, anyamata a ku Scotland, ya 1991, yomwe magazini ya Spin inasankha kukhala chimbale chopambana chaka chimenecho, pamwamba pa Nevermind ya Nirvana. Anyamatawa ankakonda Big Star mosabisa, ndipo chimbale chawo cha 1993 nachonso chimatchedwa Thirteen. Ukamvera magulu awiriwa motsatizana umamva ngati mwana akuyankha bambo ake.

Si zonse zomwe zinandigwira mtima. At Budokan ya Cheap Trick, yomwe inajambulidwa pa zoimbaimba ku Japan mu April 1978, ambiri m'kope lija amaitamanda, koma ine kukuwa kwa anthu oonerera kunandilepheretsa kumva bwino nyimbo. Ndinaibweza patatha masiku anayi ndipo anandisinthira ndi ina popanda kuwonjezera kanthu. Amalola kusintha pasanathe sabata bola CD ibwerere mmene inapitira. Get the Knack ya gulu la The Knack, ya 1979, ndinangoimvera pa shopu pomwepo n'kuisiya.

Tsopano madandaulo. Loyamba ndi la kuitanitsa. Ndinalipira theka la Girlfriend ya Matthew Sweet, ya 1991, ndipo anandiuza kuti ifika pakatha masabata atatu. Inafika patatha masabata 9. Kuchedwako ndikukumvetsa, chifukwa katunduyo amadalira munthu amene akubwera kumudzi kuti amunyamulire m'chikwama, ndipo ulendo wa munthu umasintha. Chomwe chinandipweteka ndi kukhala chete. Sanandiimbire ngakhale kamodzi, ndinkachita kuimba ndine, ndipo kawiri ndinakwera minibasi kuchokera ku Area 25 n'kubwerera chimanjamanja. Itafika anandiuza kuti theka lotsalalo lakwera chifukwa ndalama zakunja zavuta. Tonse tikudziwa mmene zinthu zakhalira chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndipo sindikufuna kuti bambowa aziluza. Koma mtengo ukagwirizanidwa tsiku lolipira theka, uzikhala womwewo, kapena anene poyambirira kuti ukhoza kusintha. Ndinawauza maso ndi maso. "Bambo, pamenepa simunandichitire bwino." Anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Mwanena zoona, achemwali," ndipo tinagawana pakati ndalama yowonjezerayo.

Chimbalecho pachokha chinali choyenera kuchidikira. Sweet anachijambula banja lake litatha, ndipo zimamveka. Iye amaimba mofatsa pamene magitala a Robert Quine ndi Richard Lloyd akung'amba mbali zonse, ngati munthu amene akuyankhula modekha koma mumtima muli moto. Pachikuto pali chithunzi chakale cha Tuesday Weld atavala chijasi chaubweya, ndipo kabuku ka mkati kanafika kali bwinobwino, kopanda ngakhale popindika.

Dandaulo lachiwiri ndi la Spilt Milk ya Jellyfish, ya 1993. Chikuto chinafika chosweka pakona, zomwe sindinadandaule nazo, koma kunsi kwa CD kunali mzere wakuya wozungulira. Mizere yodutsa kuchokera pakati kupita m'mphepete nthawi zambiri makina amaipirira, koma yotsata kuzungulira kwa CD ndi imene imadumphitsa nyimbo, ndipo iyi inkakakamira pamalo amodzi n'kumangobwereza. Anayesa kuipukuta ndi mankhwala awo, sizinathandize. Anandibwezera ndalama zonse tsiku lomwelo osakangana nane. Komabe akanaiyesa okha asanandiitane, ulendo umenewo ukanapulumuka. Lisiti sapereka, amangolemba m'kabuku kawo, ndipo kwa munthu amene walipira theka la chinthu chomwe sanachione, kapepala kakang'ono kangamukhazike mtima pansi.

Wina afunsa kuti bwanji osangomvera pa foni. Ndimamveranso pa foni, ndipo bambowo eni ake amalangiza kuti ulaweko kaye nyimbo ziwiri zitatu pa intaneti usanaitanitse, kuti usataye ndalama. Koma bandulo imatha, netiweki imagwa, pamene CD ukagula ndi yako. Ndiponso foni imandipatsa nyimbo zambirimbiri nthawi imodzi, ndimangodumphadumpha osakhazikika. M'kope lija munthu amandipatsa chimodzi, ndi chifukwa chake, ndipo ndimadziwa kuti tikakumana andifunsa kuti ndinachimva bwanji. Zimenezi zimandichititsa kumvera chimbale chonse kuyambira koyamba mpaka kumapeto, kangapo, ndisananene maganizo anga.

Amene mukufuna kupitako, pitani Loweruka m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa masana kachipindako kamatentha ndipo phokoso la mumsewu limakwirira sipika. Tengani mahedifoni anu. CD iliyonse muitembenuze muione kunsi pa kuwala, ndipo mupemphe kuti aiyese musanalipire. Mukaitanitsa, mtengo wonse ulembedwe pomwepo. Ma CD a m'makatoni ndi otsika mtengo moti munthu wapantchito wamba angathe kugula imodzi pa mwezi osamva kupweteka, koma oitanitsa amafika pafupifupi kuwirikiza katatu. Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 4, ndipo yotsalayo ndawamana chifukwa cha masabata 9 aja.

Mwezi wathawu ndinalembamo nanenso m'kope lija koyamba. Ndinasankha Welcome Interstate Managers ya Fountains of Wayne, ya 2003, chifukwa nyimbo zake zambiri zimakamba za anthu wamba ogwira ntchito m'maofesi, otopa ndi mabwana ndi maulendo a tsiku ndi tsiku, ndipo ine amene ndimakhalira pa desiki ku City Centre ndinadzimva kuti akunena za ine. Ndinalemba kuti ayambe ndi Hey Julie. Ndinawonjezeranso mzere umodzi wokumbukira Adam Schlesinger, mmodzi mwa olemba nyimbo za gululi, amene anamwalira ndi Covid-19 mu April 2020.

Loweruka lapitali ndinapeza kuti pansi pa zomwe ndinalembazo wina wayankha, ndi zilembo zazing'ono zopendekera zomwe zija zinanditumiza kwa Big Star. Analemba kuti wamvera, wayamikira, ndipo ngati ndimakonda mawu olukana pamwamba pa magitala olemera ndiyese Frosting on the Beater ya The Posies, ya 1993. M'makatoni munalibe. Ndalipira theka, ndipo ulendo uno bambowo analemba mtengo wonse pa kapepala, anasainira, n'kundipatsa ndisanapemphe.