The Conversation Africa: kumene akatswiri amalankhula chitseko chili chotsegula

Mu April 2023, patangopita masabata ochepa namondwe wa Freddy atadutsa, ndinapita kwathu ku Phalombe kukaona amayi. Nyumba yawo inatsala, koma khitchini ndi nkhokwe zinapita ndi madzi, ndipo munda wa kudimba unasanduka mchenga wokhawokha ndi miyala ikuluikulu yochokera kuphiri. Madzulo a tsiku lachiwiri agulupu anabwera kudzationa. Anakhala pakhonde, chipewa chili pabondo, ndipo titamaliza malonje anandiyang'ana n'kunena kuti:

"Aphunzitsi, inu mumakhala ndi mabuku ku yunivesiteko. Mu 1991 tinati Napolo watsika m'phiri la Michesi, tinaika maliro, tinayambanso moyo. Chaka chatha kunabwera Ana, kenako Gombe, lero uyu. Kodi Napolo wayamba kutsika chaka ndi chaka? Ndiye pa wailesi tikumva kuti mayiko olemera analonjeza ndalama za chipukuta misozi. Zili kuti? Tikafunse kwa yani?"

Ndakhala ndikuphunzitsa za ndale ndi kasamalidwe ka chilengedwe kwa zaka zoposa khumi, koma yankho limene ndinawapatsa madzulo amenewo linali lopanda mutu. Ndinabwerera kutauni funso lawo likundilemera pamtima.

Nditafika ndinayamba kufufuza. Ndinapeza pepala la kafukufuku lonena za kusefukira kwa madzi ku chigwa cha Shire. Olemba ake anayenda m'midzi ya ku Nsanje ndi Chikwawa, anakhala pamphasa ndi anthu, anawafunsa mafunso, anthuwo n'kuyankha osalandira kanthu. Nditadina kuti ndiwerenge, chinatuluka ndi chidule cha mizere khumi basi, pansi pake mtengo wa madola pafupifupi 40. Ku laibulale yathu timathandizidwa ndi Research4Life, ndondomeko imene imalola masukulu a m'mayiko osauka kuwerenga magazini ambiri a kafukufuku mwaulere, ndipo ndimaithokoza, koma imeneyo ndi ya ife a pa yunivesite. Khansala, mtolankhani wa wailesi ya m'dera, mphunzitsi wa Geography wa pa sekondale ya kumudzi, onsewa alibe khomo lolowera. Ngati ine wolandira malipiro pamwezi ndinabweza dzanja pa madola 40 amenewo, chalaka bakha nkhuku singatole.

Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikugwiritsa ntchito kwambiri tsamba la pa intaneti la The Conversation Africa, pawekha komanso m'kalasi, ndipo ndikufuna ndinene mmene ndalionera.

Tsambali linayambira ku Melbourne, m'dziko la Australia, mu 2011, ndipo nthambi ya ku Africa inatsegulidwa mu 2015 ku Johannesburg. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Wolemba nkhani ayenera kukhala katswiri wa pa yunivesite kapena pa bungwe lochita kafukufuku, ndipo alembe za phunziro lake lenileni. Amene amakonza nkhaniyo ndi mtolankhani, yemwe ntchito yake ndi kuchotsa mawu otupa aja timabisalamo ife ophunzira. Nkhani situluka mpaka mwini wake atavomereza kuti zimene zatsalazo ndi zimene amafuna kunena. Kuwerenga ndi kwaulere, palibe kulembetsa, palibe kufunsa nambala ya khadi ya ku banki. Nthawi zina amapempha thandizo la ndalama kwa amene angathe, ndipo ukakana nkhani sitsekeka. Pa foni yanga, yomwe si yapamwamba, masamba amatseguka msanga ndipo sadya bandulo ngati masamba ena odzaza ndi mavidiyo odziyambira okha. Nkhani zambiri umazimaliza tiyi asanazizire.

Chimene ndimachikonda koposa ndi kabokosi kakang'ono kamene kamakhala pafupi ndi dzina la wolemba. M'menemo wolemba amaulula amene amamupatsa ndalama za kafukufuku, kampani imene amaigwirira ntchito kapena ali ndi masheya, ndi bungwe lililonse limene lingapindule ndi zimene walembazo. Wina anganene kuti n'kanthu kochepa. Pa nkhani ya kusintha kwa nyengo si kochepa ayi. Munthu akamakuuza kuti Africa ikumbe gasi wake wonse kuti itukuke, kapena kuti alimi athu abzale mitengo m'minda mwawo kuti makampani a kunja azigula ufulu wopitiriza kutulutsa utsi, uyenera kudziwa amene akumudyetsa. Ophunzira anga ndimawauza kuti ayambe ndi kabokosiko asanawerenge mzere woyamba. Tsiku lina mtsikana wina wa chaka chachitatu anakweza dzanja n'kufunsa kuti, "Sir, nanga aphungu athu akamalankhula za migodi m'Nyumba ya Malamulo, bwanji iwo alibe kabokosi kotere?" Kalasi yonse inakhala chete, ndipo ola lonselo tinathera pa funso lakelo.

Pa funso la agulupu lija, tsambali linandithandiza kuyala nkhani mwandondomeko, chifukwa akatswiri osiyanasiyana akhala akulemba za misonkhano ya nyengo chaka ndi chaka, ena akutsutsana okhaokha. Mbiri yake ili chonchi. Ku Copenhagen mu 2009 mayiko olemera analonjeza kuti pofika 2020 azipereka madola 100 biliyoni pachaka kuthandiza mayiko osauka pa nkhani za nyengo. Chaka cha 2020 chinafika lonjezo lisanakwane, ndipo gawo lalikulu la ndalama zimene zinkabwera linali ngongole. Thumba la chipukuta misozi, la zinthu zoti zawonongeka kale ndipo sizingabwerere, linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh m'dziko la Egypt mu November 2022, patatha zaka pafupifupi 30 mayiko a pa zilumba akulirira. Ku Dubai kumapeto kwa 2023 mayiko anasonkha malonjezo okwana madola pafupifupi 700 miliyoni. Tsono taonani apa: kauniuni amene boma lathu linachita pamodzi ndi abwenzi ake pambuyo pa Freddy anapeza kuti kukonzanso zimene namondwe mmodziyo anawononga m'Malawi muno mokha kukufunika madola pafupifupi 680 miliyoni. Thumba la dziko lonse lapansi linali lofanana ndi bala limodzi la dziko limodzi laling'ono. Freddy anatenga miyoyo yoposa 1,000 kuno, anasiya anthu oposa 600,000 opanda pokhala, ndipo bungwe loona za nyengo padziko lonse linatsimikiza kuti ndi namondwe amene anakhalitsa kuposa wina aliyense m'mbiri yolembedwa, masiku 36. Ife amene utsi wathu suoneka n'komwe pa sikelo ya dziko lapansi ndi amene tinakumba abale athu m'matope ku Chilobwe.

Pali maganizo ena amene ndimawamva kawirikawiri m'misonkhano ya ophunzira, ndipo pa tsambali amatulukanso nthawi zina: akuti demokalase imachedwa, nyengo sidikira chisankho, kukufunika boma la dzanja lolimba loti likalamula aliyense amvere. Ine ndimakana, ndipo chifukwa changa ndi makala. Mu 2020 lamulo la nkhalango linakhwimitsidwa, zilango zinakwera. Koma mu January 2022 namondwe wa Ana anagumula damu la Kapichira, ma megawati pafupifupi 130 anachoka pa magetsi a dziko lino kwa nthawi yoposa chaka, ndipo mabanja a m'tauni amene anali ndi makuka a magetsi anabwerera pa mbaula. Ungalande njinga ya wogulitsa makala pa roadblock, koma mayi wa ku Ndirande aphikabe nsima usiku umenewo. Lamulo lopangidwa popanda kumufunsa mayi ameneyu limangokweza mtengo wa thumba la makala ndi mtengo wa ziphuphu. N'chimodzimodzi ndi kusamutsa anthu a kuchigwa kuti apite kumtunda: akapanda kufunsidwa za manda a makolo awo ndi madimba amene amawadyetsa m'chilimwe, amabwerera madzi akangophwa. Dzanja lolimba silimva zimenezi.

Ndipo ife Amalawi tili ndi umboni wathuwathu woti anthu wamba amatha kutsatira nkhani yovuta akapatsidwa mpata. Mlandu wa chisankho cha pulezidenti cha May 2019 unkaulutsidwa pa wailesi, womasulira akuika m'Chichewa, ndipo m'maminibasi ndi m'misika anthu ankatsutsana za Tipp-Ex ndi mapepala a zotsatira ngati maloya. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza chisankhocho, pa 23 June tinavotanso. The Conversation Africa ili ndi nkhani zabwino za nyengo imeneyo, zina zolembedwa ndi Amalawi anzathu, ndipo ndimaziwerengetsabe m'kalasi. Ngati anthu anatha kumvetsa mlandu uja kwa miyezi, nkhani ya ndalama za nyengo sangaimvetse bwanji? Chimene chikusowa ndi womasulira.

Apa ndi pamene tsambali limandiperewera. Lili m'Chingerezi, ndipo mbali ina m'Chifalansa. Chingerezi chake ndi chofewa poyerekeza ndi cha m'magazini a kafukufuku, komabe kwa agulupu a kwathu ndi loko wina. Nkhani zawo amazitulutsa pansi pa chilolezo cha Creative Commons, kutanthauza kuti nyuzipepala kapena tsamba lina lililonse lingazisindikizenso mwaulere bola litchule mwini wake, ndipo zimenezi n'zabwino kwambiri. Koma mtundu wa chilolezo chimene anasankha sulola kusintha nkhani popanda kupempha, ndipo kumasulira kumawerengedwa ngati kusintha. Ndikumvetsa chifukwa chake, palibe katswiri angafune kuti mawu ake apotozedwe. Komabe wailesi ya m'dera imene ili ndi antchito atatu siingamalembe makalata opempha chilolezo sabata iliyonse. Ndikanakonda atakonza njira yachidule ya zilankhulo za kuno, Chichewa, Chiswahili, Chishona ndi zina.

Chachiwiri, mawu a ku South Africa ndi ochuluka kuposa a kwina, ndipo nkhani za Malawi umachita kuzisaka. Pamenepa mlandu wina ndi wathu ife eni. Ambiri a ife sitilemba kumeneko chifukwa pokwezedwa pantchito nkhani yotere siwerengedwa. Chimawerengedwa ndi pepala la m'magazini ya kunja, lomwe umalemba osalipidwa, anzako amaliunika osalipidwa, kenako kampani yosindikiza imaligulitsa ku laibulale yako yomwe. Ukafuna kuti aliyense aliwerenge mwaulere, amakulipiritsa iwe wolemba. Magazini ya Nature mu 2021 inaika mtengo umenewu pa ma euro 9,500 pa pepala limodzi. Ine ndinalembapo pepala la makomiti a ngozi zogwa mwadzidzidzi a m'midzi, linakhala miyezi yoposa khumi m'manja mwa magazini ina, ndipo litavomerezedwa ndalama imene anatchula kuti likhale lotseguka inaposa malipiro anga a miyezi ingapo, makamaka kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Linatuluka lotsekedwa. Anthu a m'makomiti amene anandipatsa nthawi yawo sanalionepo.

Chinanso n'chakuti lamulo loti wolemba akhale wa pa yunivesite kapena pa bungwe lochita kafukufuku, ngakhale limateteza tsambali ku mabodza, limasiya kunja anthu odziwa zambiri. Mlimi wotsogolera amene waona mtsinje wa Phalombe ukusintha njira katatu amangolowa m'nkhani ngati katswiri wina wamutchula. Ndipo nkhani yaifupi imasalaza zinthu. Maulalo opita ku kafukufuku weniweni amakhalapo m'kati mwa nkhani, koma ukadina ambiri amakufikitsanso pa chitseko chija cha madola 40. Kwa wophunzira amene akulemba pepala la digiri, tsambali ndi poyambira chabe, ndipo ndimakana akalitenga ngati mapeto a kufufuza.

Ngakhale zili choncho ndimalimbikitsa aliyense wodziwa Chingerezi, makamaka aphunzitsi a ku sekondale, atolankhani ndi makhansala, kuti alembetse kalata yawo ya pa imelo imene imabweretsa mitu ya nkhani zatsopano. Pa malo onse amene ndimawerenga mwaulere, ndi pano pamene ndimadziwa dzina la wolankhula, sukulu yake, ndi womudyetsa.

Pa Khrisimasi ya 2023 ndinabwereranso kumudzi nditasindikiza nkhani zitatu za msonkhano wa ku Dubai. Agulupu anaitanitsa komiti ya chitukuko cha m'mudzi pansi pa mtengo wa mango wa pa tchalitchi, anthu ngati 30, amayi ambiri atakhala pa zitenje kutsogolo. Sindinawerenge mapepalawo, ndinangowagwira m'manja n'kumafotokoza m'Chichewa: za utsi, za nyanja ya India imene ikutentha n'kumapatsa anamondwe mvula yochuluka, za madola 700 miliyoni ndi madola 680 miliyoni. Nditatchula manambala awiriwo mayi wina wachikulire anaomba m'manja kamodzi n'kugwira pakamwa. Agulupu anafunsa ngati ndalamazo zikadzabwera zidzadzera ku Lilongwe kapena ku khonsolo ya boma. Ndinawauza kuti pa nthawiyo ngakhale a ku Dubai anali asanamalize kugwirizana za njira yake, koma kuti kuyambira September 2020 lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku maofesi a boma likugwira ntchito, ndipo komiti ili ndi mphamvu yolemba kalata kufunsa ndalama za Freddy zimene zinafika kale m'boma lathu ndi mmene zinagwirira ntchito.

"Alembi, tsegulani buku," anatero agulupu. Mnyamata wa komiti anatsegula kope lachikuto cholimba, anayesa bolopeni pachikhatho, ndipo anayamba ndi deti.