Ukavulala pa famu ku Joni, zimatha bwanji

Abale anga kumudziko, mukaimba foni mumangofunsa malipiro a m'minda ya mphesa kuno ku De Doorns, m'chigwa cha Hex River ku Western Cape. Amenewo ndi osabisa: mu chaka cha 2025 boma linati wantchito asalandire zochepera R28.79 pa ola, wa pa famu yemwe. Palibe amene wandifunsapo kuti nanga munthu akavulala zimatha bwanji, chonsecho apa ndi pamene pagona nkhani.

Ngozi kuno sizisowa. Sizasi yodulira mphesa imadula ndi chala chomwe, makamaka mu Januwale pamene dzuwa likuswa mtengo ndipo kapitawo akukuwa kuti mabokosi achepa. Anzathu a m'minda ya maapozi ku Ceres amagwa pa makwerero. M'mawa timanyamulidwa pa lole yopanda denga titathithikana ngati matumba a chimanga. Ndiye pali mankhwala opopera. Mukalowetsedwa m'munda masamba asanaume, madzulo ake ndi zidzolo, maso kuyabwa, chifuwa kubanika, ndipo izi palibe bwana amene amazitcha kuvulala.

Lamulo la chipepeso cha ovulala pantchito lilipo, la 1993, amalitcha COIDA. Limati bwana akanene za ngozi ku boma pasanathe masiku 7, thumba la chipepeso lilipire chipatala, ndipo ngati wagona masiku oposa atatu, bwanayo azikupatsa magawo 75 pa 100 alionse a malipiro ako kwa miyezi itatu yoyamba. Wantchito sadulidwa kanthu pa zimenezi. Kumva kokha n'kokoma. Koma zonsezi zimayenda pa mapepala, ndipo pa mapepala ndi pamene ife a ku Malawi timagwera.

Mnyamata wina wa kwathu kunyanja analembedwa ntchito ndi kontrakita, munthu wopezera eni mafamu antchito, pogwiritsa ntchito mapepala a munthu wina, monga amachitira ambiri pasipoti ikatha masiku. Tsiku lina anagwa pa ngolo ya thalakitala, mkono n'kuthyoka. Kontrakitayo anamutengeradi kuchipatala, koma ali m'galimoto anamulangiza bwinobwino: "Ukanene kuti wagwa kunyumba, apo ayi akuitanira apolisi." Mwana wa eni ake, ndi mantha, ananena zomwezo. Adokotala analemba zomwe anamva. Ku famu kuli dzina lina, kuchipatala dzina lina, ndipo ngozi ya pantchito sinalembedwe paliponse. Mwini famu anati samudziwa, ndi munthu wa kontrakita. Pomuchotsa chikhakha n'kuti malo ake atalowa wina, ndipo ndife tinkasonkherana kuti alipire lendi ya kachisakasa kake.

Mantha amenewa ndi omwe amatipweteka kuposa bala. Gawo 27 la malamulo aakulu a dziko lino limanena kuti munthu aliyense asakanizidwe chithandizo cha mwadzidzidzi, silikuti nzika zokha ayi. Amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 ndi oyenera kuthandizidwa mwaulere, ndipo bwalo lalikulu ku Gauteng linatsimikiza mu 2023 kuti izi zikukhudzanso obwera. N'zoona kuti mu 2025 a gulu lodana ndi obwera la Operation Dudula ankaima pa zipata za makiliniki ku Johannesburg n'kumabweza alendo, ndipo mavidiyo ake munawaona pa Facebook. Komabe kuno kumafamu chotilepheretsa kwambiri ndi china: mtunda wopita kutauni, mzere wa tsiku lathunthu, ndi malipiro a tsikulo omwe amapita osabwerera. Munthu amangomanga kansanza pabala, kumwa panado, n'kukwera lole.

Tsono inu amene mwamanga kale chikwama, ngozi ikakugwerani nenani kwa nesi kuti mwavulalira pantchito, tchulani famu ndi tsiku, ndipo jambulani pa foni pepala lililonse lomwe akupatsani. Sungani mapepala a malipiro. Bwana akakana kukanena, ofesi ya boma yoona za antchito, ya Labour, ili ku Worcester, ndipo a Women on Farms Project a ku Stellenbosch ndi bungwe la antchito la CSAAWU amathandiza anthu a m'mafamu pa milandu yotere. Amene mumamwa ma ARV kapena mankhwala a TB, musanyamuke opanda buku lanu lakuchipatala ndi kalata yokusamutsani, chifukwa nesi wa kuno adzafuna kudziwa mtundu wa mankhwala omwe munkalandira kwathu.